NJIRA YAIFUPI SI NDIYO YOFIKITSA

Chaka ndi chaka, sukulu zikatsekera ndipo anchito a Boma akalandira tchuthi, pamakhala ena a ku Salima amene amakonza ulendo wa pa galimoto lao kunka ku Johannesburg, kukaona abale kapena kukagula katundu. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 2,000, ndipo ambiri amayamba ndi kufunsa kuti njira yaifupi ndi iti. Funso loyenera ndi lina: kodi pa nyengo ino njira yofikitsa munthu ndi banja lake amoyo ndi iti?

Njira zazikulu ziripo ziwiri. Yoyamba imadzera ku Dedza, kulowa m'dziko la Mozambique pa Calomue, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Harare, Masvingo ndi Beitbridge. Yachiwiri imadzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, nikakumana ndi inzake ku Harare, koma imatalikirapo ndi makilomita oposa 400.

Nthawi zambiri njira ya ku Tete imakhala ya bata, ndipo mabasi ndi malole amaidzera tsiku ndi tsiku. Komabe mbiri yake iri ndi phunziro. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, magalimoto ankayenda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Mu 2016 malole a ku Malawi anatenthedwa m'misewu ya dzikolo, ndipo zipolowe zimene zinatsata chisankho cha October 2024 zinatseka misewu ina. Kotero mbiri ya mnansi amene anadzerako chaka chatha siikwanira. Wanzeru amafunsa oyendetsa malole amene abwera sabata yomweyo, amamvera wailesi, ndiponso amafunsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tete.

Ena adzati malipiro a mphunzitsi sangalole petulo wa makilomita 400 oonjezera. Mau amenewa ndi omveka, ndipo pamene ku Tete kuli bata palibe chifukwa cholambalalira. Koma pamene kwabvuta, mtengo wa petulo uyesedwe pamodzi ndi mtengo wa galimoto lonse ndi wa miyoyo iri m'katimo. Ndiponso njira ya ku Zambia inapepukirapo, pakuti mu December 2022 Maboma a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene mlendo amaima kamodzi kokha, monga momwe ziriri pa Chirundu kuyambira 2009.

Kusankha kumayambira pakhomo pomwe. Wochokera ku Salima angathe kutsata msewu wa M5 kufika ku Golomoti ndi kukwera chitunda cha Khwekhwerere, koma msewuwo ndi wokhotakhota ndi wotsetsereka, ndipo m'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imasefukira. Galimoto lolemedwa ndi katundu lidzere msewu wa M14 ku Lilongwe, ngakhale kuli kozungulira.

Mdani wamkulu pa njira zonse ziwiri ndi mdima ndi tulo. Pa makilomita 580 a pakati pa Harare ndi Beitbridge, ng'ombe ndi abulu amayenda pa msewu usiku, ndipo chakufupi ndi Chirundu kumapezeka njobvu. Nkoyenera kugawa ulendo wa ku Tete m'masiku anai, kugona ku Tete, ku Harare ndi ku Musina, kuti dzuwa lizilowa galimoto litaima kale.

Makalata naonso asankhidwe molingana ndi njira. Inshuwaransi ya Yellow Card ya COMESA imagwira nchito ku Zambia ndi ku Zimbabwe, koma ku Mozambique mlendo amagula ina pa chipata. Pasipoti, laisensi, buku la galimoto ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotolo si lakuba zikhale zokonzeka asananyamuke. Amene makalata ake ali osakwanira ndiye amagwa m'manja mwa madobadoba a pa chipata, nachedwa, nayamba kuthamanga usiku kuti abweze nthawi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi akudikiridwa ndi ana pa tsiku lotsegulira sukulu, ndipo kalaliki akudikiridwa pa ofesi. Afunse bwino asanalize galimoto, nasankhe njira imene idzawabweza kwao.