Mukachoka pakhomo, dimba limwa chiyani?

Uthenga wa maliro subwera ndi chenjezo, ndipo wodwala akagonekedwa kuchipatala womudikirira sadziwa tsiku lobwerera. Ena amachoka chifukwa cha chinkhoswe, ena ntchito imawatuma kutali kwa sabata yathunthu. Ulendo ukagwa mu Okutobala, dzuwa lili phwee, kadimba kakuseri kwa nyumba ndiko kamayamba kulipira. Mpiru ndi repu zimalefuka tsiku lachiwiri, tomato amayoyola maluwa, ndipo mwini pobwera amapeza ntchito ya miyezi iwiri itasanduka mapesi.

N'chifukwa chake anthu ambiri akufunsa za zipangizo zothirira mbewu mwini kulibe. Zilipo, zina zogula, zina zopanga nokha ndi zinthu zimene zili kale pakhomo. Koma tisanazitchule, tinene chinthu chimodzi chimene wogulitsa satchula kawirikawiri: chipangizo sichipanga madzi. Chimangogawa pang'onopang'ono madzi amene mwasiya. Amene sadziwa kuchuluka kwa madzi amene dimba lake limamwa pa tsiku adzakhumudwa ndi chipangizo chilichonse, chodula kapena chaulere.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Akatswiri a mthirira amayeza madzi m'mamilimita, ndipo milimita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. M'miyezi yotentha, ndiwo zamasamba zokhwima zimataya mamilimita 5 mpaka 7 pa tsiku, ena kudzera m'masamba, ena ouma pamwamba pa dothi. Ndiye kuti bedi la mamita 5 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi limafuna malita 25 mpaka 35 tsiku lililonse. Mgolo wa malita 200 ungalisunge bedi limeneli masiku 6 mpaka 8, osati mwezi. Mu Juni ndi Julayi, kukuzizira, madzi omwewo amakhalitsa. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa amatha msanga kuposa ku Dedza. Dothi lamchenga limafuna madzi ochepa koma pafupipafupi, lamakande limasunga chinyezi nthawi yaitali.

Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti mbewu zimadana ndi kusinthasintha. Tomato amene wakhala ndi ludzu masiku anayi kenako n'kumizidwa m'madzi amang'aluka khungu. Kuola kwakuda kumene kumaoneka kunsi kwa chipatso, kumene ambiri amayesa matenda n'kuthamangira mankhwala, nthawi zambiri kumabwera chifukwa mchere wa kasiyamu sunafike kuchipatso pamene dothi linali louma. Choncho kuthira makheni khumi m'mawa wa tsiku la ulendo sikuthandiza kwenikweni. Madzi ochuluka amalowa pansi kupitirira mizu, atatenga ndi feteleza yemwe, ndipo pakatha masiku awiri pamwamba pauma ngati kale. Chofunika ndi madzi ochepa, ofika pamizu, osadukiza.

Njira imene ambiri amayamba nayo ndi botolo lapulasitiki: kuboola chivindikiro ndi singano n'kulizika chadodolido pafupi ndi tsinde. Njirayi imagwira, koma ili ndi makhalidwe ake. Bowo likakula, malita awiri amatha musanafike pa siteji. Likachepa, dothi limalitseka ndipo mumapeza botolo lili lodzaza, mbewu itafota pambali pake. Botolo losadula kunsi limagwiranso madzi chifukwa mpweya sulowa. Dzuwa likawomba mpweya wam'kati umafufuma n'kukankha madzi, kukazizira amaleka. Ndi bwino kulikwirira choimirira, mutaboola timabowo tiwiri kapena titatu cha m'munsi n'kukulungapo kansanza kuti dothi lisatseke, kenako n'kumasula chivindikiro pang'ono pokha. Mukachimasula kwambiri madzi amathamanga, mukachimanga amachedwa. Kumbukirani kuti tomato mmodzi wobereka angamwe lita imodzi kapena awiri pa tsiku lotentha. Botolo la malita awiri ndi la ulendo wogona usiku umodzi kapena uwiri. Chigubu cha malita asanu chotsuka bwino chimapitirirako.

Kwa maluwa a m'miphika pakhonde ndi mbande za m'machubu, chingwe chimathandiza. Tengani chingwe chathonje kapena mzere wa chitenje chakutha, munyowetse kaye, nsonga ina ifike pansi pa ndowa ya madzi, ina muikwirire m'dothi pafupi ndi mizu. Madzi amayenda m'nsalumo monga mmene parafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi. Ndowa ikhale pafupi ndipo madzi ake akhale pamwamba pang'ono pa mphika. Nsalu yanayiloni yoterera siyendetsa madzi bwino, ndipo chingwe chachitali chodutsa padzuwa chimauma pakati. Njirayi ndi ya mbewu zazing'ono. Bedi la kabichi silingakhute nayo.

Chipangizo chimene chimatiyenera kwambiri, koma sitichiganizira, ndi mtsuko wadothi. Nzeruyi si yatsopano. Ku China, zaka zoposa 2000 zapitazo, katswiri wa zaulimi Fan Shengzhi analemba za kukwirira mtsuko wa madzi pakati pa dzenje n'kubzala mbewu zamtundu wa mavwende mouzungulira, ndipo alimi a m'madera ouma a ku India, Iran ndi Mexico akhala akuchita zimenezi. Aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko amadziwa kuti kunja kwake kumakhala thukuta. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mtsuko ukakwiriridwa mpaka m'khosi, dothi louma limakoka madzi kudzera m'timabowoto; likanyowa, kukokako kumachepa, ndipo mvula ikagwa kumatsala pang'ono kuleka. Ndiye kuti mtsuko umadziyeza wokha, chinthu chimene botolo kapena paipi sizingachite. Pakapita milungu, mukafukula m'mbali mudzaona mizu yoyera itakuta mtsuko wonse.

Mtsuko woyenera ndi wosapaka penti kapena zonyezimiritsa. Musanaukwirire, udzazeni madzi n'kuuika pamthunzi. Ngati kunja kukuchita chinyezi koma sukuchucha, ndi wabwino. Mbewu zibzalidwe pafupi, zitatu kapena zinayi mozungulira, chifukwa chinyezi sichipita kutali. Pakamwa muvindikire ndi phale kapena mbale yakutha, kuti madzi asaume, achule asagweremo, udzudzu usaikiremo mazira. Mbewu zongofesa kumene ndi mbande zongowokera zimafunabe kheni kwa masiku oyamba mpaka mizu ifike pachinyezi. Madzi amatope ndi madzi amchere, ngati a m'mijigo ina ya m'chigwa cha Shire, amatseka timabowo pakapita nthawi, choncho mtsuko umafunika kuufukula ndi kuukwecha pakatha nyengo.

Dimba likakula, timafika pa mthirira wodontheza, wa timapaipi takuda tokhala ndi podonthera pa masentimita 30 aliwonse kapena kuyandikira apo. Mthirira umenewu, monga tikuudziwira lero, unakula ku Israel. Injiniya wa madzi Simcha Blass anaona mtengo umodzi utakula kuposa anzake chifukwa cha paipi yodontha pafupi nawo. Vuto limene analimbana nalo ndi lomwe lija la botolo: kabowo kakang'ono kamatseka. Yankho lake linali kudutsitsa madzi m'kanjira kakatali kam'kati mwa podonthera, kuti atope ndi ulendo n'kutuluka dontho limodzilimodzi. Mu 1965 iye ndi anthu a mudzi wa Hatzerim, m'chipululu cha Negev, anayambitsa kampani ya Netafim. Pambuyo pake, Richard Chapin wa ku America anafalitsa mtundu wa alimi ang'onoang'ono: ndowa yopachika mita imodzi kuchoka pansi ndi timapaipi tiwiri ta mamita 15, popanda pampu kapena magetsi.

Apa m'pamene ambiri amagwa nayo. Ndowa imeneyi anaipangira munthu amene alipo, woidzaza m'mawa ndi madzulo. Imapeputsa ntchito ndi kusunga madzi, koma simudikirira mwini. Ngakhale mutalumikiza mgolo wa malita 200, mukatsekula mpopi n'kuchoka, madzi onse angathe tsiku lomwelo, chifukwa podonthera ponse pamatulutsa nthawi imodzi osapuma. Kuti mgolo ukhale sabata, pafunika chotsekula ndi kutseka. Pali timakina toyendera mabatire timene timamangidwa pampopi, n'kutchera kuti tizitsekula mphindi zakutizakuti m'mawa uliwonse. Pogula funsani bwino, chifukwa tina timatsekula pokhapokha madzi akubwera ndi mphamvu ya mpopi wa m'tauni, ndipo pamgolo timangokhala duu. Ta pamgolo ndi timene tili ndi kampira kozungulira m'kati, kosadalira mphamvu ya madzi. Dziwaninso kuti kamakinaka kamangowerenga nthawi. Sikadziwa kuti kwagwa mvula, kuti mpopi wauma, kapena kuti batire latha.

Mgolo wodzaza umalemera makilogalamu oposa 200, choncho nsanja yake ikhale ya njerwa kapena mitengo yolimba yozika bwino. Madzi azisefedwa ndi nsalu polowa, ndipo kumapeto kwa timapaipi muzitsekulako nthawi ndi nthawi kuti matope atuluke. Chivindikiro si chokongoletsa. Kuwala kukalowa mumamera ndere zotseka podonthera, udzudzu umatha kuswana m'madzi okhala sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mwana wamng'ono angagweremo chamutu.

Njira zonsezi zimapindula kwambiri ngati dothi laphimbiridwa. Udzu wouma, masangwi a nyemba, makoko a mtedza kapena mapesi odula, zoyala mokhuthala ngati zala zinayi, zimatchinga dzuwa ndi mphepo kuti zisamwe madzi a mbewu. Siyani kampata kuzungulira tsinde kuti lisaole ndiponso chiswe chisayambire pamenepo. Kwa nazale, kadenga ka udzu wopyapyala kamachita chimodzimodzi.

Madzi okha sakwanira. Mbewu yothiriridwa bwino imakula mwini kulibe, ndipo imalemera. Tomato amene munamusiya ataima angapezeke atagona pansi, zipatso zili padothi lonyowa, zikuola ndi kudyedwa ndi tizilombo. Masamba okhudza pansi ndiwonso amayamba kugwidwa ndi chiwawu. Makolo anadziwa kale zochirikiza: nyemba zoyanga anazibzala m'chimanga kuti phesi likhale mtengo wake. M'dimba, ntchitoyi ndi ya nsungwi, bango lolimba kapena nthambi zowongoka. M'mera m'poyamba: zikani mtengo tsiku lowokera, chifukwa kuukhoma mbewu itakula kumadula mizu, ndipo kungaswe mtsuko kapena kuboola paipi. Mitundu ya tomato yokula mosalekeza, ngati Moneymaker, imafuna mtengo wa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Yaifupi, ngati Roma, imakwana ndi wofupikirapo. Mtengo ulowe pansi masentimita 30, motalikira chikhatho kuchokera patsinde, kuti mphepo ya Ogasiti isauzule.

Kamangidwe kakenso n'kofunika. Luzi, khonje kapena nsanza ndi zabwino. Waya ndi chingwe chopyapyala chanayiloni zimacheka tsinde. Mangani mopingasa ngati nambala 8, kolimba kumtengo, kotakasuka kutsinde, mpata wolowa chala, poti tsinde likunenepabe. Mukakhala ndi mzere wautali, zikani mitengo pakati pa mbewu ziwiri kapena zitatu zilizonse n'kuluka chingwe uku ndi uku, mbewu zikhale pakati. Musanachoke onjezani mzere wina pamwamba kuti zikamakula zipeze potsamira. Nkhaka ndi zitheba zimakwera zokha mukazipatsa zingwe kapena timitengo topingasa, pamene shushu ndi magalagadeya zimafuna thandala la mphanda zolimba. Tsiku la ulendo thyolani mphukira za m'khwapa mwa tomato, chotsani masamba am'munsi, ndipo tcholani zipatso zonse zoyamba kufiira. Zikapsera m'nyumba, ndipo mtengo upepukidwa.

Pali zina zimene chipangizo sichiona: mbuzi yothyola mpanda, nkhuku zopalasa zophimbira, galu wokoka paipi, akangaude ofiira amene amaswana msanga kukatentha. Choncho mnansi ndi wofunikabe, koma pempho lanu limasintha. Kupempha munthu kuti azitunga ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata n'kumusenzetsa katundu, ndipo maubale ena aphwanyikira pamenepo. Kumupempha kuti adzaze mitsuko kawiri pasabata n'kuyang'ana mpanda, n'kuthyolako ndiwo za kunyumba kwake, n'chinthu chimene angavomere ndi mtima wonse.

Langizo lathu lalikulu ndi ili: musayese chipangizo tsiku la ulendo. Chiikeni muli pakhomo, siyani kheni kwa sabata, lembani chizindikiro pamgolo kapena pachigubu m'mawa uliwonse, ndipo pisani chala m'dothi pafupi ndi mizu. Mudzadziwa masiku enieni amene dimba lanu lingakhale lokha, ndipo ngati ndi ochepa, mudzasankha bedi loti mulipulumutse m'malo motaya onse. Alangizi a zaulimi nawo asamangolankhula za mapampu ndi mapaipi ogula. Pafupifupi boma lililonse lili ndi amayi oumba mbiya. Atauzidwa kuti alimi akufuna mitsuko ya mimba yaikulu, khosi laling'ono ndi chivindikiro chake, angaiumbe, ndipo ndalama ya mthirira ingatsale m'mudzi momwemo.