Kodi sukulu za ntchito zapanyanja nza asilikali?

Ophunzira m'sukulu zambiri za ntchito zapanyanja m'dziko la America amavala yunifomu, amachita perete ndiponso amatsata mwambo wachisilikali. Komabe izi pazokha sizichititsa kuti sukulu ikhale ya asilikali.

Chitsanzo ndi United States Merchant Marine Academy ya ku Kings Point, New York, yomwe idatsegulidwa mu 1943. Sukuluyi imawerengedwa limodzi ndi West Point ndi Annapolis, koma ili pansi pa unduna wa zamtengatenga, osati wa zachitetezo. Boma limalipirira ophunzira ake, ndipo akamaliza amayenera kugwira ntchito m'sitima zamalonda zaka 5 komanso kukhala zaka 8 m'kaundula wa asilikali oitanidwa pakafunika, kapena kulowa usilikali weniweni.

M'sukulu za maboma aang'ono monga Maine ndi Massachusetts, wophunzira sakakamizidwa kutumikira usilikali pokhapokha atasankha yekha.

Kusiyanaku kumakhudza ufulu wa anthu. Ophunzira 142 a ku Kings Point adafa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma amalinyero a sitima zamalonda adadikira mpaka 1988 kuti boma liwazindikire ngati asilikali akale oyenera kulandira thandizo.

Kuno ku Malawi, Marine Training College ya ku Monkey Bay ili pansi pa unduna wa zamtengatenga, pomwe MAFCO ku Salima ndi ya asilikali. Choncho poweruza nkhaniyi, akuluakulu a boma ayang'ane lamulo lokhazikitsa sukulu, unduna umene ukuiyendetsa, ndi udindo umene womaliza maphunziro amasenza.