Nsomba ya Mapaundi 22: Kodi Ndani Anaiona pa Sikelo?

M'dziko la Amereka muli nsomba ina imene eni ake amaitcha largemouth bass, ndiko kunena kuti bass ya kukamwa kwakukulu, ndipo mwa nsomba zonse za m'madzi opanda mchere palibe ina imene anthu a kumeneko amaiwedza ndi changu chotere kapena kuitayira ndalama zochuluka chotere. Saiwedzera ndiwo ayi. Ambiri akaikola amaiyesa pa sikelo, naijambula, naibwezanso m'madzi ili yamoyo. Chimene afuna ndicho dzina, kuti kumveke kuti uje anakola yaikulu koposa anzake. Ndipo chifukwa cha dzinalo maboma a zigawo monga Texas ndi Florida alemba ntchito akatswiri, akumba maiwe oswetsera nsomba, naika malamulo a usodzi amene cholinga chake n'chakuti nsomba zingapo zikule kufikira msinkhu wodabwitsa. Awerengi athu amene amasunga mabuku a kaundula kapena kuchonga mayeso a sukulu aona msanga pamene pagona vuto. Boma silingadziwe ngati malamulo ake akupindula pokhapokha manambala amene asodzi abwera nawo akhale oona. Ndipo msodzi, monga tidziwa tonse, nsomba yake imakulirakulira pamene akuisimba.

Nkhaniyi iyambira pa 2 June, 1932, tsiku limene mlimi wachinyamata dzina lake George Perry anakola bass m'thamanda lotchedwa Montgomery Lake, m'mbali mwa mtsinje wa Ocmulgee ku Georgia. Anapita nayo ku tauni ya Helena, kumene inayesedwa pa sikelo ya ku positi ofesi, nipezeka yolemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4, ndiwo makilogalamu 10 ndi pang'ono. Anatumiza miyeso yake ku mpikisano wa magazini ya Field & Stream, napambana; koma nsombayo anakaidya ndi abale ake kunyumba, pakuti zinali zaka za umphawi waukulu m'dziko lonselo, ndipo munthu sakadataya ndiwo ya banja chifukwa cha ulemu chabe. Palibe katswiri wa nsomba amene anaiona. Komabe kulemera kwake kunalowa m'buku, ndipo pamene bungwe la International Game Fish Association, lokhazikitsidwa mu 1939, linalandira mabuku a nsomba za m'madzi opanda mchere kuchokera ku magaziniyo mu 1978, linawalandira ndi dzina la Bambo Perry lomwe lili pamwamba.

Nsomba imeneyo ikadabwera masiku ano ndi umboni womwewo, n'zokayikitsa kuti ikadaloledwa. Bungweli tsopano lifuna kuti nsomba iyesedwe pa sikelo imene inapimidwa ndi kudindidwa ndi ofesi yovomerezeka, ndiponso kuti kuyesako kuchitike pamtunda, osati m'boti logwedezeka ndi mafunde. Lifuna zithunzi za nsomba yonse, za sikelo, ndi za ndodo imene anawedzera. Lifuna chidutswa cha chingwe chake, maina a mboni, ndi kalata yolumbirira. Palinso lamulo lina limene lioneka laling'ono koma lakhala ndi mphamvu yaikulu m'nkhaniyi, lakuti nsomba yosafika mapaundi 25 siingachotse inzake pa mpando ngati siinaipose ndi maaunsi awiri athunthu.

ZIMENE ZINAONEKA KU CALIFORNIA

Kuti malamulowa sanaikidwe pofuna kuvutitsa anthu kunaoneka bwino ku California. Mu 1959 akuluakulu a usodzi ku San Diego anaitanitsa bass za mtundu wa ku Florida, zimene zimakula koposa zinzake za kumpoto, naziika m'madamu a mzindawo. Ndipo popeza m'madamu omwewo munkathiridwanso nsomba zonona za mtundu wa trout, ma bass anazidya nanenepa modabwitsa. Mu 1988 pa damu la Miramar panakoledwa ina ya mapaundi 21 ndi kupitirira, ndipo anthu anakondwa ndithu. Koma poitumbula anapeza m'mimba mwake mtovu wolemera mapaundi awiri ndi theka, wa mtundu umene osambira pansi pa madzi amamanga m'chiuno. Sikelo siinaname, koma siinathe kuona za m'mimba.

Pa 20 March, 2006, Bambo Mac Weakley anavuula pa damu laling'ono la Dixon, ku Escondido, bass imene sikelo yao ya m'manja inaonetsa mapaundi 25 ndi aunsi imodzi. Imeneyo ikadachotsa Bambo Perry pa mpando popanda mtsutso. Tsoka lake linali lakuti mbedza inakola pambali pa thupi, osati m'kamwa, pamene lamulo la California lifuna kuti nsomba imeze yokha nyambo. Ndiponso sikeloyo inalibe chidindo. Bambo Weakley anaibweza m'madzi, ndipo sanatumize konse pempho ku bungwe lija. Nsombayo inali yodziwika kale kwa asodzi chifukwa cha kadontho kakuda pafupi ndi mutu wake, kamene kanaipatsa dzina lakuti Dottie, ndipo mu 2008 anaipeza ikuyandama itafa. Pali anthu ambiri amene akhulupirira kuti ndiyo bass yaikulu koposa zonse zimene munthu anazinyamulapo m'manja. Koma m'buku mulibe.

Pamene pali mphoto pamabweranso chinyengo chenicheni. Mu 2022, pa mpikisano wa nsomba zina zotchedwa walleye pa nyanja ya Erie, woyang'anira anang'amba nsomba za anthu awiri pamaso pa khamu, natulutsamo mipira ya mtovu ndi minofu ya nsomba zina. Ndipo mu 2023 bwalo la milandu linawalamula kukhala m'ndende masiku 10 ndi kulandidwa boti lao.

NJIRA YA KU TEXAS

Boma la Texas ndilo linayamba kuona kuti kunyada kwa msodzi kungathe kukokera ntchito ya boma monga ng'ombe ikokera ngolo. Kuyambira 1972 Dipatimenti ya Texas Parks and Wildlife inayamba kuthira bass za ku Florida m'madamu ake, ndipo damu la Lake Fork, la maekala oposa 27,000, limene linatsirizidwa mu 1980, linakonzedwa ndi nsombayi m'maganizo: mitengo yambiri anaisiya chiimire kuti madzi akaimiza ikhale mobisalamo nsomba. Mu 1986 Dipatimentiyo inatsegula ntchito imene tsopano itchedwa ShareLunker. Pangano lake n'losavuta. Munthu akakola bass ya mapaundi 13 kapena kupitirira m'miyezi ya January, February ndi March, ndiyo nyengo imene nsombazi zikonzekera kuikira mazira, amaitana antchito a boma, iwo nabwera ndi galimoto ya thanki, natsimikizira kulemera kwake, naitenga yamoyo kupita nayo ku maiwe a boma, amene kuyambira 1996 ali m'tauni ya Athens. Kumeneko amaipima mtundu wake mwa DNA, naiika chizindikiro m'thupi, naiswetsa, ndipo ana ake amakawathira m'madamu a anthu onse. Yoyamba inabwera mu November 1986 kuchokera ku Lake Fork, yokoledwa ndi Bambo Mark Stevenson, yolemera mapaundi 17.67.

Nzeru ya pangano limeneli ili pakuti limaphatikiza zinthu ziwiri zimene kale zinali zosiyana. Msodzi apeza umboni umene munthu sangautsutse, pakuti anaona nsomba yake ndi boma lenilenilo. Boma nalo lipeza mbewu yabwino, pakuti bass zonse zofika msinkhu umenewo zimakhala zazikazi, ndipo lipezanso mzere umodzi woona m'kaundula wake, wonena damu, tsiku, kulemera ndi mtundu. Mwa kupima DNA akatswiri apezadi kuti nsomba zina zazikulu zokoledwa pambuyo pake zinali ana a zija zinabwerekedwa kale. Mu 2018 analola kuti nsomba ya mapaundi 8 kapena ya mainchesi 24 ilembedwe chaka chonse mwa kutumiza chithunzi pa foni. Florida nayo, ndi ntchito yake ya TrophyCatch yoyamba mu 2012, imapereka mphoto kwa munthu amene atumiza chithunzi cha nsomba yonse ya mapaundi 8 kapena kupitirira, ili pa sikelo manambala akuoneka, naibweza m'madzi. Umboni wa chithunzi ndi wopepuka poyerekeza ndi wa wantchito wa boma amene wagwira nsomba m'manja. Koma umabwera wochuluka, ndipo kwa munthu woyang'anira madamu mazana, manambala ochuluka oona pang'ono nthawi zina amathandiza koposa nambala imodzi yoona kwathunthu.

Koma mbewu yabwino payokha siikuza nsomba. Bass imatenga zaka pafupifupi 10 kuti ifike pa mapaundi 13, ndipo m'zaka zonsezo iyenera kupulumuka ku poto ndi kupeza chakudya chokwanira. Chifukwa cha ichi ku Lake Fork kuli lamulo lakuti bass iliyonse ya pakati pa mainchesi 16 ndi 24 ibwezedwe m'madzi; munthu aloledwa kutenga zisanu pa tsiku, ndipo mwa zisanuzo imodzi yokha ingakhale ya mainchesi 24 kapena kupitirira. Tsono onani kuti lamuloli silitchinjiriza zazing'ono. Lifuna kuti zazing'onozo zidyedwe, monga mlimi apatulira chimanga pa phando kuti zotsala zibereke bwino, pakuti damu lili ndi malire a chakudya chimene lingatulutse, ndipo nsomba zikathithikana zonse zimapinimbira. Apa ndipo pamene akatswiri a m'zigawo zambiri adandaula, chifukwa asodzi, ataphunzitsidwa kwa zaka zambiri kuti munthu waulemu amabweza nsomba, tsopano amabweza ndi zazing'ono zomwe, ndipo lamulo lopatulira likhala ngati khasu lopanda wolimira.

Kodi tsono ntchito yonseyi yapindula? Poyankha tiyenera kusamala. Bass yaikulu koposa m'buku la Texas, ya mapaundi 18.18, inakoledwa ndi Bambo Barry St. Clair ku Lake Fork mu January 1992, ndipo zaka zoposa 30 za kuswetsa zinapita osaoneka ina yoiposa. Lake Fork yomweyo inakalamba monga madamu onse achitira: mitengo yomizidwa ija inaola, ndipo mu 1999 matenda a kachirombo anapha bass zambiri. Mbiri inasamukira ku damu la O.H. Ivie, kumadzulo kouma kwa chigawocho, limene linaphwa kwambiri m'zaka za chilala, m'mbali mwake nimumera tchire. Mvula ya 2018 itadzaza damulo nimiza tchirelo, tinsomba ta chakudya tinachuluka, ndipo kuyambira 2021 bass zazikulu zinatuluka motsatizana, ina ya mapaundi 17.06 mu February 2022. Ife tiganiza kuti pamenepa madzi atsopano ndi chakudya zinachita zambiri koposa maiwe a ku Athens, ngakhale mtundu wa ku Florida unali woyenera kukhalamo poyamba. Koma tizindikire kuti ngakhale chiweruzo chimenechi, chimene sichikometsera Dipatimenti, tatha kuchipereka chifukwa cha kaundula wa Dipatimenti yomweyo.

NSOMBA YA KU JAPAN

Pamene Texas, Florida ndi California zinali kulimbirana mpando wa Bambo Perry, nsomba yoyenera inatulukira kutsidya lina la dziko. Bass yatengedwa kupita ku maiko ambiri. Ku South Africa inafika mu 1928, nifalikira m'madamu a m'maiko oyandikana nao, ndipo ku Japan inafika mu 1925. Pa 2 July, 2009, Bambo Manabu Kurita anakola pa nyanja ya Biwa, yaikulu koposa m'Japan, bass yolemera makilogalamu 10.12, ndiwo mapaundi 22 ndi maaunsi pafupifupi 5. Sikelo inali ya chidindo, zithunzi zinalipo, nsomba yomwe inalipo. Koma panamveka mphekesera yakuti anawedza pamalo oletsedwa, ndipo bungwe lija linafufuza kwa miyezi isanu ndi umodzi, kufikira Bambo Kurita anavomera kufunsidwa pa makina oyesa ngati munthu akunama, napambana. Mu January 2010 chigamulo chinatuluka: popeza nsomba yao inaposa ya mu 1932 ndi aunsi imodzi yosakwana, osati awiri, anthu awiriwa akhale pa mpando umodzi. Motero umboni wopimidwa koposa wonse unalingana ndi umboni wa sikelo ya ku positi ofesi ya ku Helena, ya nsomba imene inadyedwa kalekale.

Eni nyanja ya Biwa sanaone chokondwerera m'nkhaniyi. Bass inayamba kuoneka m'nyanjamo mu 1974, ndipo pamodzi ndi nsomba ina yachilendo yotchedwa bluegill inadya ana a nsomba za makolo, monga nigorobuna ndi honmoroko, zimene asodzi a kumeneko akhala akudalira kwa zaka mazana. Walira mvula walira matope. Mu 2003 boma la chigawo cha Shiga linaletsa kubweza bass m'nyanjamo munthu akaikola, naika mabokosi m'mbali mwa gombe oponyamo nsombazo. Ndipo mu 2005 lamulo la dziko lonse la Japan linailemba m'gulu la zamoyo zachilendo zoononga, zimene munthu saloledwa kuweta, kunyamula zamoyo kapena kukathira m'madzi ena.