Kanyenya wopserera si kanyenya wabwino

Anzanga, pali chikhulupiriro china chomwe ine sindigwirizana nacho, choti nyama yootcha ikada bii ndiye kuti yapsa bwino. Ayi ndithu. Nyama ya ng'ombe yonyikidwa m'zokometsera n'kutungidwa pa timitengo iyenera kuchoka pa mbaula ili yofiirira, isanasanduke khala. Tamverani zifukwa zanga.

Fungo lija limakukokani mukamadutsa pa kanyenya limachokera ku zomwe asayansi amati Maillard reaction. Dzinali ndi la Louis-Camille Maillard, katswiri wa ku France amene anafotokoza zimenezi mu 1912. Kutentha kukafika pafupifupi madigiri 140, ma amino acid ndi shuga wa mu nyama zimalumikizana n'kupanga mtundu wofiirira ndi kakomedwe kaja. Koma madzi amawira pa madigiri 100 basi. Ndiye mukaika nyama ikuchucha madzi, pamwamba pake sipafiira mpaka madziwo atauma. N'chifukwa chake ndimati muziyamba mwaikhetsa madzi musanaiike pamoto.

Nanga kunyika kumathandiza chiyani? Asidi wa mu mandimu amamasula mapuloteni a pamwamba pa nyama, koma salowa patali, amangolowa mamilimita ochepa. Apa ndi pomwe kudula nyama timagawo ting'onoting'ono kumapindulira: malo okhudzana ndi zokometsera amachuluka. Papaya wosapsa ali ndi enzyme yotchedwa papain, yomwe imadula mapuloteni n'kufewetsa nyama. Mukapitiriza muyeso, nyama imangoti phwetetere, yosakoma n'komwe.

Tsopano nkhani yaikulu. Nyama ikapserera pamoto waukali pamapangika mankhwala otchedwa heterocyclic amines. Mafuta akadonthera pa makala, utsi wake umanyamula ena otchedwa PAH n'kuwamata pa nyama. Magulu onse awiriwa amatha kuwononga DNA, ndipo m'ma labotale ayambitsapo khansa mu nyama zoyeserera. Chosangalatsa n'choti kafukufuku waonetsa kuti kunyika nyama musanaotche kumachepetsa ma heterocyclic amines.

Wina anena kuti, "Aa, bola yopserera kusiyana ndi yaiwisi!" Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa nyama ya ng'ombe yosapsa imatha kukhala ndi mabakiteriya komanso mphutsi za njoka za m'mimba. Komatu kuda kwa kunja si umboni woti mkati mwapsa. Kutentha kumayenda pang'onopang'ono mu nyama, moti lawi lamoto limatentha kunja mkati mukadali mwaiwisi. Chofunika n'choti pakati pa nyamayo pafike madigiri osachepera 63, kenako muisiye mphindi zitatu musanadye.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Dikirani lawi lizime, makala akutidwe ndi phulusa loyera. Siyani mpata pakati pa timagawo kuti kutentha kudutse. Tembenuzani pafupipafupi, ndipo popserera podulani n'kutaya. Timitengo tiviikeni kaye m'madzi kuti tisayake msanga. Msuzi womwe munanyikamo nyama yaiwisi musauthire pa nyama yakupsa pokhapokha mutauwiritsa, chifukwa mabakiteriya akadali momwemo.

Simukundikhulupirira? Yesani nokha. Otchani timitengo tiwiri, kena pa lawi, kena pa makala ozizirirako. Mukatha dulani pakati, muone mkati mwake, kenako mulawe. Mudzandiuze kamene kapambana.