Tikiti ya show, thumba la cimanga: mlandu wa mwana wa ku Lundazi pa yunivesiti

Amene mumakwera basi ya ku Chelstone kucokera pa Kulima Tower mumawadziwa ana a pa UNZA. Pakati pa sabata amatsika pa geti ndi cola ca mabuku, maso ali psuu. Pa Cisanu madzulo amakwera basi yomweyo atachena, pefyumu kumveka mpaka mpando wakumbuyo, ulendo wa ku show. Akangotsika, mlandu wao umayamba kuzengedwa m'basimo: makolo ali kulima, ana ali kuvina, boma linalakwa kubweza ndalama za cakudya, ana a masiku ano amadziwa cabe Yo Maps. Lero ndifuna tiuzenge bwino mlanduwu, ndipo woimbidwa mlandu ndamutenga kwathu ku Lundazi, cifukwa ndiye amene ndimamudziwa.

Tiyambe ndi mtunda. Msewu wa Great East umene umadutsa pa geti ya UNZA ni womwewo umene mabasi a pa Intercity amatenga popita kum'mawa: Chongwe, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, Chipata. Pa Chipata mpamene wa ku Lundazi amakhotera kumpoto, makilomita ena pafupifupi 180. Ulendo wonse umapitirira makilomita 700, ndipo umadya tsiku lathunthu. Kum'mawa kuli makoleji a uphunzitsi ndi a unamwino, koma mwana amene wapata malo pa yunivesiti yaikulu ya boma afunika kubwera ku Lusaka, kapena ku Kabwe kumene kuli Mulungushi ndi Kwame Nkrumah, kapena kupitirira mpaka ku CBU ku Kitwe. Mnzake wa ku Kabwata unga ukatha amakwera basi imodzi n'kukadya kwa amai ake. Wa ku Lundazi amaona kukaya, monga amanenera Atumbuka, kamodzi kapena kawiri pa caka.

Manje vuto la mwana uyu, mmene ndimalionera ine, n'lakuti amakhala pa makalenda atatu amene sagwirizana.

Kalenda yoyamba ni ya kumunda. Ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, amene anali boma limodzi mpaka 2018, ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka. Cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya zimagulitsidwa mvula ikatha. Wofuna ndalama ya pamanja amagulitsa kwa ma briefcase pamtengo wao. Wodikira FRA amadikira cimanga ciume bwino, madepoti atsegule, kenako adikirenso malipiro. Mu 2023 FRA inagula thumba la makilogalamu 50 pa K280, mu 2024 pa K330. Koma 2024 yomweyo ndico caka cimene cilala cinaocha minda, mpaka pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Mtengo unakwera, koma ambiri analibe ca kugulitsa. Ndipo ngakhale caka cabwino, kuyambira November ndalama yonse imalowa mu feteleza ndi mbeu. Mwana akatuma foni mu February kuti adada zinthu zavuta kuno, amapeza adadawo nao ali kuwerenga matumba otsala m'nyumba.

Kalenda yaciwiri ni ya boma. Kuyambira 2016 nkhongole za ophunzira zili m'manja mwa HELSB, imene inalowa m'malo mwa Bursaries Committee, ngakhale ana a sukulu mpaka lero ndalamayo amaichulabe kuti BC. Mbiri ya meal allowance njowawa. Mu October 2018 ophunzira a pa UNZA anacita cionetsero cifukwa ndalamayo inacedwa, apolisi analowa pa kampasi, ndipo mtsikana wina wa caka cacinai anafera mu hositelo. Mu 2019 nduna ya maphunziro apamwamba ya nthawiyo, a Nkandu Luo, anaicotseratu. Inabwezedwa mu 2023. Amene mumati boma lipatsa ana ndalama za kumwera mowa, kumbukirani zinthu ziwiri. Coyamba, iyi ni nkhongole, ndipo adzaibweza akayamba nchito. Caciwiri, si onse amaipata. CDF, imene inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, imalipirira ana a sekondale ogonera ku sukulu ndi a maphunziro a luso la manja, osati digiri. Mwana wa mlimi amene HELSB yamudumpha amatsala ndi kalenda ya kumunda cabe.

Kalenda yacitatu ni ya tauni. Ma show aakulu amaikidwa kumapeto kwa mwezi, pamene apanchito alandira, makamaka mvula ikaleka mpaka ku December. Wokonza show amayang'ana thumba la wa pa banki ndi wa m'boma, samayang'ana tsiku la test ya Chemistry. Mu May 2023 Yo Maps anadzaza Heroes Stadium potulutsa album yake ya Try Again, ndipo kwa ife amene tinakula tikuuzidwa kuti nyimbo za kwathu sizingadzaze bwalo, tsiku lija linali lonyaditsa. Koma tsiku ngati limenelo likafika, mwana wa pa yunivesiti angakhale ali pakati pa ma assignment, BC isanalowe, ndipo kumudzi cimanga cikali pa mkukwe.

Pa nkhani ya ndalama, oweruza a m'basi muli ndi mfundo, ndipo sindikutsutsani. Tikiti si ndiyo mtengo wonse wa show. Pali transipoti yopitira. Pali yobwerera, ndipo pa 02 koloko usiku minibasi zonse zili pa paki, kwatsala taxi kapena Yango. Pali ca kumwa, ndi ma bundle otumizira kavidiyo pa Facebook kuti anthu adziwe kuti unaliko. Tingoyerekeza kuti zonsezi zakwana K300. Pa mtengo wa 2024, limenelo ni pafupifupi thumba lathunthu la cimanga: kulima, kupalira, kuthira feteleza, kukolola, kupukusa, kukweza pa ngolo mpaka ku depoti. Thumba limene amama analitsanzika mu July latha usiku umodzi. Mwana amene sanaciterepo masamu amenewa afunika kuwacita.

Koma pali mbali ina imene simaimva m'basi. Mwana wa ku Lundazi sakhala pa yunivesiti ndi BC yokha; amakhala ndi anzake. Malo ogona pa kampasi ni ocepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa ophunzira, ndiye cifukwa cake ku Ruins ndi ku mahositelo ena kuli squatting, cipinda ca anthu awiri kugonamo anai kapena kuposa, ndipo ena amabalalikira m'ma boarding house a ku Kalingalinga, Kalundu ndi Ng'ombe. Nthawi imene ndinali pa koleji ya utolankhani tinali ndi poto umodzi anthu anai. Uyu agula pamela, uyu kapenta, uyu tomato ndi saladi, uyu malasha a pa mbaula malaiti akapita. Wina akasowa sabata imeneyo amadyabe, cifukwa mwezi wa mawa adzasowa ni iwe. Mapepala a mayeso akale, laptop yobwereka usiku, uthenga wa pa WhatsApp wakuti kalasi yasintha, zonsezi zimadzera mwa anzako. Mutu umodzi susenza denga, ndipo digiri ni denga lolemera.

Manje gulu limene limadya pamodzi ndi kuwerenga pamodzi, ndi lomwelo limene limati mawa tipita ku show. Wokana nthawi zonse, pang'ono ndi pang'ono amaleka kuitanidwa, ndipo si ku show kokha. Kwa mwana amene wafika mu Lusaka ndi Citumbuka ca kunyumba ndi Cizungu ca m'kalasi, apeza anzake akukamba Cinyanja ca m'tauni cosakaniza ndi Cibemba, nyimbo ndiyo khomo losavuta kulowera. Mawu a Chef 187 kapena Slapdee amamuphunzitsa cilankhulo ca m'tauni msanga kuposa lecturer aliyense. Pa show palibe amene amafunsa kuti unaphunzira ku sukulu iti kapena atate ako agwira kuti. Nonse muimba mzere umodzi.

Komanso tisamakambe ngati mwanayu nyimbo wazidziwira mu Lusaka. Wakulira pakati pa ng'oma. Wamva vimbuza usiku, waona magule pa mwambo wa Kulonga kwa Mfumu Mphamba, waimba mu kwaya ya CCAP, wagona akumvera Radio Chikaya. Kumudzi kuvina ndi kulima sizinakhalepo pa udani. Anthu omwe amapalira m'mawa ndi amene amaomba m'manja madzulo. A Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda anatenga kamvekedwe ka kum'mawa komweko n'kukakweza pa siteji ya m'tauni. Cimene casintha n'cakuti kumudzi ng'oma ilibe geti, pamene m'tauni ili ndi geti, bouncer ndi VIP.

Ndiye ngozi yeniyeni ili pati? Ine ndaiona pa malo atatu, ndipo tikiti payokha palibepo.

Poyamba ni kaloba. BC ikacedwa show ili pafupi, pali anthu pa kampasi ndi m'makomboni ozungulira amene amakongoza msanga, cikole ni foni kapena laptop. Watenga K200, ubweza K300 mwezi ukatha. BC ikalowa imangodutsa m'manja, mwezi wotsatira ukongolanso, ndipo laptop yolembera assignment ili kwa mwini kaloba. Ena amayesa kuthawira ku betting kuti apeze ya tikiti, n'kutayanso ya ndiwo. Kwa atsikana, wokongoza nthawi zina amabwera ndi galimoto ndi tikiti ya VIP, ndipo nkhongole yake sibwezedwa ndi ndalama.

Paciwiri ni bodza. Mwana sangauze atate ake kuti ndifuna ya show, ndiye amati kwabwera project, kapena afuna ya handout. Kholo limene silinaponde pa yunivesiti silingatsutse, limagulitsa mbuzi. Tsiku limene coonadi cidzamveka, cikhulupiriro catha, ndipo project yeniyeni ikadzabwera foni siyankhidwa.

Pacitatu ni nthawi. Show yolembedwa kuti iyamba 18 koloko, woimba wamkulu amakwera pa siteji pakati pa usiku. Sondo yonse imathera m'tulo. Pa yunivesiti mamakisi a ma test ndi ma assignment, amene amawacha CA, amawerengedwa pamodzi ndi a mayeso omaliza, motero test imodzi ya pa Mande imene walemba mutu ukulira ng'oma imakutsatira mpaka kumapeto kwa caka. Ndipo nkhongole ya HELSB siyang'ana ngati unavala gauni kapena unabwerera panjira. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Zonse zitatuzi zili ndi mankhwala, ndipo palibe amene afuna kuti mwana aleke kukonda nyimbo. Emmanuel Jagari Chanda, amene anatsogolera gulu la WITCH m'zaka za m'ma 1970 pamene Zamrock inali pa moto, anapita ku koleji n'kukhala mphunzitsi. Lero ali ndi imvi, gululo linatulutsa album ya Zango mu 2023 ndipo liimba ku Ulaya ndi ku America. Ngati woimba mwiniwake anapeza malo a buku, womvera sangalephere.

Kwa a UNZASU ndi mabungwe ena a ophunzira: khalani pansi ndi okonza ma show. Muli ndi anthu masauzande amene iwo amawafuna. Pemphani mtengo wa ophunzira kwa woonetsa ID, ndipo show ya pa kampasi iziikidwa sabata ya pambuyo pa ma test, osati ya patsogolo pake. Kwa okonza: show yoyamba masana n'kutha minibasi zikali pamsewu imacotsa mtengo wa taxi, imacotsa ngozi ya mtsikana woyenda yekha usiku, ndipo ife oyenda pa basi tingabwere ambiri.

Kwa makolo ku Lundazi, ngati wina angakuwerengereni nkhaniyi: ndalama ya zokolola musaitume yonse pamodzi. Airtel Money ndi MoMo zilipo, tumani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ndipo caka cikakhala cabwino, nenani poyera kuti iyi ni ya unga, iyi ni ya mabuku, aka n'kako ukasangalale. Mwana amene wapatsidwa poyera safunika kupeka project.

Kwa iwe mwana wa sukulu: sankha show imodzi kapena ziwiri pa caka, zimene uzikondadi, ndipo uyambe cilimba ndi anzako a poto umodzi miyezi iwiri isanafike. Ukaona poster, tsegula timetable poyamba. Tikiti ya kaloba isiye.

Ndipo kwa inu a kum'mawa amene mukhala ku Mtendere, Kaunda Square, Chawama kapena Matero: pa kampasi paja pali mwana wa mlongo wanu, kapena wa m'mudzi woyandikana ndi wanu, amene nambala yake muli nayo. Muitaneni pa Sondo adzadye nsima ya cibwabwa cotendera, mumufunse za CA yake, mumupatse ya basi yobwerera. Mwana amene ali ndi nyumba imodzi mu Lusaka kumene angafike osaitanidwa, sapita kwa wa kaloba msanga.