Ndale ndi Ulemu pa Mgodi

Sabata yatha ndinaona amuna awiri ogona chipinda chimodzi akukangana za zipani. Mkangano utakula, wina anatukwana mtundu wa mnzake, ndipo m'mawa mwake anatsikira pansi limodzi osalankhulana. Ine ndinachita mantha, pakuti pansi pa mgodi wokuchenjeza kuti mwala ukugwa angakhale yemweyo unamtukwana dzulo.

Taganizani za a Nelson Mandela. Iwo anakhala m'ndende zaka 27, ndipo powaweruza mu 1964 nduna yaikulu ya dziko inali a Hendrik Verwoerd. Komabe mu 1995, ali pulezidenti, a Mandela anapita ku Orania, mudzi wa azungu, kukacheza ndi mkazi wamasiye wa a Verwoerd omwewo. Chipani chawo cha ANC sanachisiye, mayiwo nawonso sanasinthe maganizo, koma anapatsana ulemu.

Tsono tsutsanani za ndale madzulo, palibe choipa. Koma mtundu ndi khungu la mnzanu zisalowepo, ndipo musanatsike pansi m'mawa patsanani moni. Tsalani bwino.