Zaumoyo Pakhomo: Mafuta a Pansi pa Nyanja ndi Madzi Athu Akumwa

Ambiri mwa madzi omwe timatunga m'makiyosiki a kuno ku Chilobwe amapopedwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry. Shire ndiye mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi, komwenso kumachokera usipa umene timagula mumsika wa Limbe. Choncho nkhani yofuna kukumba mafuta m'nyanja sikukhudza anthu a ku Karonga kapena ku Nkhata Bay okha. Ikukhudzanso ndowa ndi mapoto athu.

Mu 2011 boma linapatsa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum chilolezo chofufuza mafuta m'chigawo cha kumpoto cha nyanjayi. Mpaka lero dziko lathu silinayambe kupopa mafuta, ndiye ino ndiyo nthawi yofunsa mafunso. Ambiri amaopa mafuta otayikira pamadzi n'kupha nsomba. Koma pali vuto lina losaoneka ndi maso, lopanda fungo.

Miyala yapansi penipeni imakhala ndi timbali ta yureniyamu ndi thoriyamu mwachibadwa. Zinthuzi zikamasweka pang'onopang'ono zimabala radiyamu, yomwe imatulutsa cheza choopsa chotchedwa radiyeshoni. Ikakhala pansipo sivutitsa munthu. Koma chitsime cha mafuta kapena gasi sichitulutsa mafuta okha. Chimalavulanso madzi amchere kwambiri, ndipo chikamakalamba madziwo amachuluka kuposa mafutawo. Radiyamu imasungunuka m'madzi amenewa n'kukwera nawo kumtunda.

Thupi la munthu limaitenga radiyamu ngati kashiyamu, ndiye limaisunga m'mafupa, momwe ingayambitse khansa patapita zaka. Mtundu wina wa radiyamu umatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Kuwiritsa madzi kapena kuthira kolorini kumapha tizilombo ta kolera, koma sikuchotsa radiyamu. Komanso madzi ambiri a m'nyanja yathu amachoka ngati nthunzi, ndipo otsika ndi Shire ndi ochepa, kotero cholowa m'nyanjamo chimakhalitsa.

Tisachite mantha opitirira muyezo. Nyanja ndi yaikulu, ndipo oyamba kukhala pachiopsezo ndi ogwira ntchito pachitsime, asodzi ndi midzi yoyandikana ndi potayira zinyalala. Kwa ife a m'tauni, khomo lina lolowera vutoli ndi zitsulo zakale. Mukudziwa zoyera zija zimakakamira m'ketulo? M'mapaipi a mafuta mumakakamiranso zotero, ndipo radiyamu imaunjikana mmenemo. Ku America m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti mapaipi otere anali atagulitsidwa kapena kuperekedwa kwaulere, ena n'kupangira mipanda ndi zoseweretsa ana m'masukulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno kwathu, komwe paipi iliyonse imasanduka geti, bedi kapena katungwe, wowotcherera ndiye angapume fumbi lake podula ndi kupala.

Phunziro tili nalo kale. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsa ntchito mu 2014 mitengo itagwa. Ngakhale kukumba kunaima, madzi osungidwa pamgodipo anatsala, ndipo panabuka mkangano pa zowathira m'mitsinje yotsikira kunyanja atayeretsedwa. Mtengo wa katundu ukagwa ntchito imaima, koma zinyalala zimafunabe wozisamala chaka ndi chaka.

Malamulo alipo. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa bungwe loyang'anira za radiyeshoni, ndipo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ziunikidwe kaye mmene zingakhudzire anthu ndi chilengedwe. Koma lamulo limagwira ntchito anthu akamafunsa. Nkhani ya mafuta ikadzabweranso pawailesi, kapena phungu ndi khansala akadzachititsa msonkhano, tidzafunse zinthu zitatu. Madzi amchere aja adzatayidwa kuti? Adzayeza ndani radiyeshoni, ndipo zotsatira zake tidzaziona? Nanga mapaipi akatha ntchito, adzasungidwa kuti, ndipo adzalipira ndani kampani ikachoka?

Pakhomo tiyambe ndi zomwe tingathe. Tisasunge madzi akumwa kapena ufa mumgolo umene sitikudziwa chomwe unkasunga. Abambo ndi anyamata owotcherera akane mapaipi ochindikala okhala ndi zokakamira mkati ngati wogulitsa sakunena komwe achokera. Podula chitsulo chakale avale chotchinga kukamwa ndi mphuno, asadyere pamalo antchito, ndipo zovala zantchito zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Malangizo amenewa amatitetezanso ku mtovu ndi mankhwala ena omwe ali kale m'zitsulo zakale za m'misika mwathu.